Matimati Olendewera a Amayi Ako

Chifubu, Ndola
Lachisanu

Velonika mwana wanga,

Kalata iyi uipeza pamwamba pa sutikesi yako. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma ukundidziwa, ndikayamba nkhani ndimadzera ku Katete, n'kukhotera ku Kitwe, ndipo pofika pa mfundo wondimvera amakhala atawodzera kale. Komanso mawa ndili shifiti ya m'mawa kuchigayo ndipo kapitawo wakana kundisinthira. Galimoto ya bambo ake a mnzako Gilesi ikamabwera kudzakutengani awirinu kupita ku Lusaka, ine ndidzakhala ndikusenza matumba a ufa. Uwerenge usanavale zovala za ulendo.

Ndiyambe ndi chimene chadzaza mtima wanga. Ndakunyadira, mwana wanga. Kumtundu kwathu konse, kwa a Mbewe ndi kwa a Zulu komwe, palibe amene anapondako ku koleji, ndipo woyamba ndiwe, mtsikana. Kuntchito anzanga ayamba kundizemba pa nthawi ya tiyi, chifukwa akudziwa kuti ndikangokhala pansi nkhani ndi ya mwana wanga amene akukaphunzira uphunzitsi. Ufulu tinauvinira tonse, mkuwa ukugulidwa bwino, anthu akukwera, koma ine changa cha ufulu chimene ndingaloze ndi chala ndiwe.

Tsopano za matimati. Dzulo tikudya unati, “Amayi, zitini izi simungazichotseko tsiku limodzi lokha? Pakhomo pakuoneka ngati padzala. Anthu a galimoto adzati chiyani?” Amayi ako anangoti, “Chabwino,” n'kupitiriza kudya. Lero masana, iwe uli kutauni kotsanzika anzako, akwera pamtondo okha n'kutsitsa zonse zimene zinali pakhonde: zitini za mafuta, madengu, ndi zipewa zanga zakale za kumgodi. Zili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, nthambi zili tayale pansi. Wabwera kutada, mwina sunaone n'komwe. Sanadandaule kwa ine, sanakunene. Koma iwe ndi ine tikuwadziwa anaZulu. Akakalipa ndiye kuti nkhani ndi yaing'ono. Akati “chabwino” n'kukhala chete, zawafika pamtima.

Sindikukukalipira ayi. Manyazi amenewo ndikuwadziwa bwino, ndipo ukafika kumapeto kwa kalatayi udziwa kumene unawatengera. Ndikungofuna kuti usanachoke udziwe zitini zimenezi, chifukwa wakulira pansi pake koma palibe amene anakufotokozerapo.

Nditawakwatira amayi ako ndinawatenga ku Katete n'kubwera nawo kukomboni ya mgodi ku Kitwe. Nyumba inali ya kampani, bwalo lake longokwana mphasa ziwiri, nthaka youma gwa, nkhuku za eni zili balala. Iwo anali atabwera ndi njere za phwetekere, timatimati tating'ono tija timayanga tokha m'mbali mwa makola kwathu, atazikulunga m'khoko la chimanga. Patapita milungu ingapo ndinaona ayamba kutola zitini n'kumazipachika pansi pa denga. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati, “AnaZulu, kodi kwanu matimati amamera m'mwamba ngati zisa za mbalame?” Pofuna kuwaonetsa ulimi weniweni ndinalima kabedi kanga pansi, ndinabzala matimati akuluakulu ogula mbewu kusitolo, mizere yowongoka ndi chingwe. Onse anakula bwino, anga ndi awo. Ndiye tsiku lina mphepo inatembenuka, kunabwera senta, utsi uja wochokera kosungunulira mkuwa, woyabwa pakhosi ndi m'maso. Amayi ako atangomva ana ayamba kutsokomola kumunsi kwa mzere wa nyumba, anatsitsa zitini zawo, analowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anga kutacha anali ngati wina wawathira madzi otentha. Pamene ine ndinkaseka, iwo anali atafunsa kale amayi a pafupi chifukwa chake masamba a mukomboni ankapsa nsonga. Ine ndinali nditakhala zaka ziwiri pamalopo osafunsa. Patapita mwezi anandiikira ndiwo zofiira bwino ndi matimati awo, n'kundifunsa mwaulemu wonse, “Mchere wakwana, aMbewe?” Kumene ukupitako udzaona anthu akuchita zinthu zooneka zopanda mutu. Usafulumire kuseka, Velonika. Yamba wafunsa chimene akudziwa chimene iwe sunachidziwe.

Ukanakhala ndi nthawi yowaonerera akukonza chitini chimodzi, bwenzi ukumvetsa chifukwa chake ndimawagomera. Amaboola kunsi ndi msomali kuti madzi azituluka, n'kuyala zidutswa za makala. Likakhala dengu amayalamo chiguduli cha thumba kuti dothi lisamatayike. Dothi lake amakalitenga pachulu, amasakaniza ndi zitosi za nkhuku zogonera ndi kaphulusa pang'ono, ndipo amalifikisa m'manja ngati akuyesa ufa pamsika. Chitini chimodzi, mbande imodzi, ngakhale utawauza kuti malo alipo. Waya amapinda pawiri chifukwa dothi lonyowa limalemera. Amapachika mbali yolandira dzuwa la m'mawa, ndipo pakapita masiku angapo amatembenuza chitini kuti mbali inayo ionekonso dzuwa. Maluwa akatuluka amagwedeza waya pang'ono ndi chala podutsa, akuti zipatso zimagwira bwino. Palibe amene anawaphunzitsa zimenezi. Anaziona okha, chaka ndi chaka, kwinaku akulera inu ndi kupirira ine.

Cholakwa changa chachiwiri chinabwera chifukwa cha maphunziro, ndiye uchimvetsetse, iwe wopita kukaphunzira. Ndisanalowe mumgodi, ndili mnyamata, ndinagwirapo ntchito ya m'dimba kumayadi kwa dona wina. Iyeyo anandiphunzitsa kuti matimati amafuna chichiri, amamangidwa kuti aime chilili, ndipo mphukira zonse zotuluka m'khwapa mwa tsamba zimathotholedwa. Ndinaziphunzira ndi mtima wonse, ndipo matimati a dona ankabereka ngati zibakera. Lamlungu lina amayi ako atatsalira kutchalitchi pa msonkhano wa amayi, ndinayang'ana matimati awo ali lende, nthambi zili uku ndi uku ngati tsitsi losapesa, ndinati lero ndiwathandize mkazi wanga. Ndinathothola mphukira zonse. Zotsalazo ndinazikweza n'kuzimangirira ku waya kuti ziloze kumwamba. Ndinasesa bwinobwino, ndinasamba, n'kukhala pampando kudikira kuyamikidwa. Atafika anaima pakhomo, buku la mapemphero lili m'manja. Kenako anakhala pansi pakhonde n'kunena motsitsa mawu, “AMbewe, mwathothola ndiwo za mwezi wathunthu.” Phwetekere amaberekera pa nthambi zomwezo zimene ndinataya. Amafuna kusefukira pamlomo pa chitini n'kulendewera, mphepo izidutsa pakati, zipatso zisakhudze dothi. Safunsa anadya phula, ndipo ine tsiku limenelo ndinalidya lambiri. Iwo sanazule kanthu. Anamasula zingwe zanga, anathirira madzi a manyowa, ndipo patapita nthawi zinaphukanso, ngakhale zinabereka mochedwa. Dona uja sanandinamize, Velonika. Njira yake inali yabwino pa matimati ake. Kulakwa kwanga kunali kuyesa kuti njira imene ndinaphunzira kwa mzungu ndi ya matimati onse a pa dziko. Ku koleji akakupatsa njira zabwino zophunzitsira, uzigwire. Koma ukadzaima pamaso pa ana a eni, uyambe waona kuti mwana uyu ndi wotani usanayambe kumudulira.

Ndikunena zimenezi chifukwa ndinatsala pang'ono kukuchita iwenso chimodzimodzi. Uli wamng'ono unali wolongolola, mafunso osatha, kuyankha akulu asanamalize. Ine ndinkafuna mwana wamkazi wofatsa, wogwada n'kukhala chete. Tsiku lina nditakukalipira chifukwa unafunsa bambo mfumu chifukwa chake amavala diresi, amayi ako anandikokera pambali n'kunena kuti, “Musiyeni mwanayu ayange. Ulemu ndimuphunzitsa ine, koma pakamwa musamutseke.” Ndinawamvera monyinyirika. Lero pakamwa pomwepo ndi pamene pakupititsa ku Lusaka.

Chachitatu chinachitika sabata imene unabadwa. Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Amayi ako popita kuchipatala, ululu utawagwira kale, anandiuza ali pakhomo kuti ndizithirira m'mawa ndi madzulo, ndipo ndiziyamba ndapisa chala m'dothi. Ndinavomera. Koma utabadwa chimwemwe chinandipitirira, anzanga a kumgodi anandinyamula kupita nane kumowa, ndipo zitini ndinazikumbukira masamba atagwa kale ngati makutu a mbuzi. Mantha atandigwira ndinatenga ndowa n'kukhuthulira madzi ambiri nthawi imodzi. M'madengu madzi anangodutsa m'mbali mwa dothi louma n'kutayikira pansi. M'zipewa ziwiri zimene ndinabzalamo ndekha, osaboola kunsi, madzi anaima ndipo mizu inavunda. Zipatso zimene zinapulumuka zinang'aluka. Amayi ako pobwera nawe, asanalowe n'komwe m'nyumba, anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana ine, n'kukupereka m'manja mwanga. Anati, “Gwirani uyu. Koma uyu yekha musamuiwale.” Chomera cha pansi chimatha kudzifunira madzi ndi mizu yake. Cha m'mwamba chimangodalira dzanja la munthu, ndipo chimafuna pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Uziwalembera amayi ako, Velonika. Usamadikire kuti nkhani zichuluke kuti ulembe chikalata chachikulu kamodzi pa teremu. Mizere inayi ikwana, bola izibwera kawirikawiri. Ndipo uzilemba m'chinenero chathu. Chingerezi chako ndi chokoma, ine ndimachimvera kukoma ngakhale pamene sindikumva, Chibemba chakonso n'chakuthwa kuposa cha eni ake, koma amayi ako amawerenga chimene chili m'buku lawo la mapemphero. Usawachititse kuyenda ndi kalata yako kukafuna wowawerengera.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa. Iwe sunachione chifukwa unali kusukulu yogonera kwa masisitere. Ufulu utangobwera chifuwa changa chinakana fumbi la pansi, ndipo dokotala analemba kuti ndisatsikenso mumgodi. Ntchito ikatha nyumba ya kampani imathanso. Ndinaonapo anthu akusiya nthochi ndi mango zimene anabzala ndi manja awo, n'kukwera lole akuyang'ana m'mbuyo. Nthawi imeneyo anzanga amene ndinalowa nawo ntchito anali kukwezedwa, ena akusamukira kumayadi, ena akugula mawailesi aakulu ngati kabati. Aliyense ankakwera, ine ndekha ndinkatsika. Lole yotitengera ku Ndola itafika, amayi ako anayamba kutsitsa zitini zawo kuti akweze. Anthu a mumzere wathu anali ataima m'makomo kuonerera. Manyazi anandigwira. Ndinati, “AnaZulu, zisiyeni izi. Tikafika nazo kwa eni adzati tasamuka ndi dzala lomwe.” Ukuona, mwana wanga, ngakhale mawu ake ndi omwewo. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ngati mukuchita manyazi, khalani kutsogolo ndi dalaivala. Ine ndikhala nazo kumbuyo.” Anamangirira zitini ndi madengu kuzitsulo za lole, anakhala pakati pake pamwamba pa matiresi, matimati ofiira akugwedezeka mbali zonse, mutu uli chilili ngati akupita ku ukwati. Ndipo ine ndinakhaladi kutsogolo ndi dalaivala. Msewu wa Kitwe kufika ku Ndola si wautali, koma mpando umene uja ukundiwotchabe mpaka lero.

Tinafika kuno ku Chifubu osadziwa munthu, ine wopanda ntchito. Tisanamange n'komwe bedi, amayi ako anali atakhoma kale misomali pakhonde. M'mawa mwake banaMulenga, omwewa a nyumba yoyandikana nafe amene umawatcha azakhali, anaima pampanda manja ali m'chiuno n'kufunsa, “Finshi ifi mwakobeka, mayo?” Ankafuna kudziwa kuti tapachika chiyani. Amayi ako, ndi Chibemba chawo chothyokathyoka chija, sanavutike n'kufotokoza. Anathyola timatimati todzaza dzanja n'kuwapatsa. Pofika madzulo amayi a mumzere wonse anali atabwera kudzaona, ena kuseka, ena kupempha mbande. Umo ndi mmene tinapezera abale m'tauni ya eni. Sindikunamiza kuti matimati ndiwo anakulipirira sukulu. Sanali ochuluka chotero, ndipo amayi ako ambiri ankangogawa. Koma miyezi yonse imene ndinkayenda m'makampani kufuna ntchito, n'kumabwerako nkhope ili pansi, sindinadyepo tinsomba ta kapenta towiritsa ndi mchere wokha, ndipo mkazi wanga sanapite pakhomo pa munthu kukapempha chothira m'ndiwo. Pakhomo pathu pankaoneka pa anthu amoyo, ngakhale m'thumba munalibe kanthu. Mphamvu yodzukira m'mawa ndinkaitenga pamenepo.

Zina zonse ukuzidziwa kale, ndingokukumbutsa. Misa usamaphonye, ngakhale anzako a m'chipinda atagona mpaka naini. Anyamata a masuti amene akwezedwa chaka chino achuluka, ndipo ena amayesa kuti kiyi wa galimoto amatsegula chilichonse. Uwayankhe ndi pakamwa pako paja, ndikudziwa sudzasowa mawu. Gilesi ndi mwana wabwino, ugwirizane naye, koma usayese kuthamanga pa liwiro la thumba la bambo ake. Chakudya cha kukoleji ukachipeza chosakoma udye basi, ukudyera mabuku. Ukadwala unene msanga, usatengere amayi ako amene amati “ndili bwino” uku akugwira khoma.

Za bambo ake a Gilesi, sindikudziwa kuti akaona zitini pakhonde adzaganiza chiyani. Mwina adzakumbuka kwawo, chifukwa nawonso anakulira mukomboni asanapite kumayadi. Mwina adzaseka chamumtima. Sindingakulonjeze kuti adzagoma, ndipo sindikufuna kuti uchite kanthu chifukwa choti iwo agome. Galimoto idzaima pakhomo pano kanthawi kochepa, koma amayi ako adzatsala pano masiku onse. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mawu ako a dzulo akadali m'nyumba muno, Velonika, ndipo sindikufuna kuti upite ku Lusaka utawasiya.

Chimene sukudziwa n'chakuti phewa la amayi ako lakumanja lakhala likuwavuta chiyambire dzinja. Anandiletsa kukuuza kuti ungade nkhawa pa mayeso. Kutsitsa chitini atha, chifukwa kulemera kumawathandiza. Kukweza sangathe. Ndipo phwetekere sakhalitsa pansi. Nthambi zikagona m'dothi lonyowa la kubafa zimayamba kuvunda, ndipo nkhuku za banaMulenga zikatuluka m'mawa sizidzafunsa kuti ndi za yani.

Ine ndikhoza kudzazipachika ndikaweruka, si ntchito yaikulu. Koma ndikapachika ine, amayi ako adzadziwa kuti zinatsika chifukwa cha iwe ndipo zinakwera iwe utachoka. Ndiye holide iliyonse, akamva kuti ukubwera, adzazitsitsa okha usanawapemphe. Ndimawadziwa, sadzalekera pa zitini. Adzayamba kusamala mawu awo pamaso pako, adzasiya kuseka mokweza muja amasekera, adzayamba kukufunsa ngati chitenje chawo chili bwino. Chimene ndikuopa, mwana wanga, n'chakuti tsiku lina udzabwera ndi anzako ophunzira, kapena ndi mwamuna wofuna kukukwatira, ndipo amayi ako adzanyamuka okha, popanda wowauza, n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka alendo atapita. Adzachita zimenezo chifukwa chokukonda, ndipo iwe udzazindikira mochedwa kuti wataya chiyani. Mkazi ameneyu sanabisalepo munthu chibadwire, ngakhale dona, ngakhale kapitawo, ngakhale ine. Ndingamve chisoni chosatha atayamba kubisala mwana wake.

Sindikukakamiza. Wakula, ndipo mutu wako umaganiza bwino kuposa wanga. Iwonso sadzakupempha, adzakuphikira tiyi, adzakumangira kamba wa panjira, adzakutsanzika ndi nkhope yowala, ndipo sudzaona kanthu. Koma ngati mawu a atate ako ali ndi malo mumtima mwako, udzuke galimoto isanafike, uvale diresi lakale, upite kuseri unyamule chitini chimodzi. Adzakuuza kuti, “Siya iwe, udzidetsa.” Usawamvere. Ukwere pamtondo, uwafunse kuti ichi chimakhala pati, ndipo udikire akulozere. Zopepesa zambiri sizifunika, amayi ako sakonda mawu ataliatali.

Ndisanakhale pansi kulemba ndinatuluka pakhonde n'kupapasa mtanda wonse ndi dzanja. Misomali yonse ilipo. Atsitsa zonse monga unapemphera, koma sanazule ndi umodzi womwe.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo ukaphunzire ndi mtima wonse.

Ndine atate ako okunyadira,
aMbewe